Wa kabaza wanga akusowa mumsewu: mitundu ya NES ndi katondo wa ku Chamama

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto. Ndikujambulabe kagemu kanga ka wa kabaza kaja, amene amanyamula belo la fodya kuchokera ku Chamama mpaka ku Chinkhoma. Ndikufuna kazioneka ngati magemu enieni a NES, makina akale a magemu a Nintendo aja, ndiye ndinatsitsa paleti ya NES, mndandanda wa mitundu yake, pa webusaiti ya Lospec n'kuyika mu pulogalamu yojambulira ya LibreSprite. Koma taonani. [chithunzi] Akangofika pamsewu wafumbi, nkhope ndi mikono zikusowa. Pakungooneka shati ndi njinga zikuyenda zokha ngati za afiti. Chinanso, ndatsitsa paleti yachiwiri, nayonso yolembedwa NES, koma manambala a hex, oimira mtundu uliwonse pa kompyuta, sakufanana ndi oyamba aja. Yolondola ndi iti?

Yamikani: Shati yopalasa yokha kkkk, imeneyotu ndi gemu pa yokha, musaifufute. Koma makala anu ali bho.

Chisomo: Makala ati aise? Thumba zingati? Kuno ku Mchinji akwera.

Yamikani: Ndikunena mitundu iwe.

Mphatso: Tiya, tumizanso chithunzicho ngati document. WhatsApp ikachifinya imasakaniza timadontho toyandikana, ndiye tikuona mitundu imene iwe sunaikemo. Uchikulitse kaye kanayi, 256 x 240 ikhale 1024 x 960, ndipo usankhe nearest neighbor kuti m'mbali musachite mbuu. PNG, osati JPG.

Tiyamike: [fayilo] Nachi.

Dalitso: Chemwali, ndiyambe ndi funso lachiwirilo. Palibe yolondola. NES ilibe RGB m'kati mwake. Foni yanu ikafuna mtundu imati chofiira chakuti, chobiriwira chakuti, chabuluu chakuti, n'kuphatikiza. Kachipangizo kojambula zithunzi mu NES, kotchedwa PPU, sikachita zimenezo. Kamatulutsa siginolo ya TV mwachindunji, ndipo TV ndi imene imamasulira kuti siginolo imeneyi ndi mtundu wanji. Ndiye mapaleti onse mukuwapeza pa intaneti ndi oyerekeza chabe. Wina anayeza pa TV yake, wina anawerengera masamu, wina anangosankha zomukomera m'maso. Mapulogalamu oseweretsera magemu a NES pa kompyuta nawonso amasiyana: FCEUX ili ndi yake, Mesen ili ndi yake. Mukawatsitsa khumi mupeza khumi osiyana.

Tiyamike: Ndiye sabata yonseyi ndimafunafuna chinthu choti kulibe?

Dalitso: Hex ndi imene kulibe. Chimene chilipo ndi manambala a NES mwini wake, kuyambira $00 mpaka $3F. Malo ndi 64, koma ena ndi akuda obwerezabwereza, ndiye mitundu yosiyana imangopitirira pang'ono 50. Thambo la mu Super Mario Bros ndi $22 kulikonse. Koma funsani anthu: ena akuuzani kuti linali labuluu, ena kuti linkapendekera ku pepo. Onsewo sakunama, ma TV awo ndi amene ankasiyana.

Bambo Mwale: Ana anga, mundilole ndiikepo mlomo. Mdzukulu wanga ndi amene anandilowetsa pagulu pano, nthawi zambiri ndimangowerenga. Ine ndayamba kukonza ma TV Television Malawi itangotsegulidwa mu 1999, ndipo ndidakali pomwepa pa boma. Zimene akunena a Dalitso ndi zoona. Ma TV awiri a kampani imodzi, ogulidwa tsiku limodzi, pakatha zaka zisanu saonetsanso mofanana. Chubu chimatopa. China chimayamba kufiirira, china kubiriwira. Onjezani kuti mwini wake aliyense ankapotokola mtundu mmene akufunira, ena mpaka wowerenga nkhani kuoneka ngati wadzola tomato. Komanso musaiwale, zimene munkasewera muli ana sizinali za Nintendo zenizeni. Zinali zokopera, za makaseti achikasu aja olembedwa 9999999 in 1.

Yamikani: Madala mwandikumbutsa kutali. Magemu 9999999, ukatsegula ndi omwe aja ochepa akungosinthana mayina. Ndi kamfuti kowombera abakha kaja.

Bambo Mwale: Kamfuti kameneko pa ma TV opyapyala a masiku anowa sikagwira. Angapo anabwera nato kuno kuti tafa, pomwe vuto ndi TV.

Dalitso: Bambo Mwale akhudza mfundo yaikulu. Famicom, yomwe ndi NES ya ku Japan, inatuluka kumeneko mu 1983, NES ku America mu 1985, ndipo maiko onse awiriwa ankagwiritsa siginolo ya TV yotchedwa NTSC. Kwathu kuno inali ina, yotchedwa PAL. NES ya NTSC ili ndi PPU yotchedwa 2C02, ya PAL ili ndi 2C07, ndipo mitundu yake imasiyanako. Zokopera zambiri za PAL zinali ndi tchipu cha kampani ya UMC, UA6538. Ndiye chemwali, mukamati "NES yeniyeni", mukunena iti? Ya mwana wa ku Osaka, kapena ija munkaonera pawindo kwa aneba ku Chamama?

Tiyamike: Ya pawindo kkkk, achimwene mwandidziwa bwanji. Chabwino, za hex ndazisiya. Koma munthu wanga akusowabe.

Dalitso: Ndatsegula fayilo yanu. Khungu mwaika $17, msewu mwaika $16 ndi timizere ta $18. Vuto lili pomwepo. Nambala ya NES muziiwerenga pawiri. Yakumanja ndi mtundu: 1 ndi 2 ndi zabuluu, 6 chofiira, 7 cha lalanje, 8 chopita ku chikasu, 9 ndi A zobiriwira, mpaka C. Yakumanzere ndi kuwala, kuyambira 0 wakuda kwambiri kufika 3 wowala kwambiri. Zanu zitatuzo zonse zikuyamba ndi 1. Kuwala kwake ndi kumodzi, ndipo 6, 7 ndi 8 ndi zoyandikana. Diso likamathamanga limayamba kuona kuwala, mtundu limauona pambuyo.

Bambo Mwale: Pamenepo ndi pophweka kuyesa. Tsitsani mtundu pa TV mpaka ziro kuti itsale yakuda ndi yoyera. Chimene chasowa pamenepo ndiye kuti chinali chobisala kale. Kumudzi ambiri ankasewera pa ka TV kakuda ndi koyera ka batire ya galimoto, koma Mario ankaoneka bwinobwino, sankasochera mu njerwa.

Tiyamike: Ndayesa pa laputopu, ndachotsa mitundu yonse. Mayo ine. Munthu yense ndi msewu ndi phala limodzi.

Chisomo: Takulandirani ku dziko langa. Ine pa Game Boy, kamakina ka m'manja ka Nintendo kaja, ndimakhala m'menemo tsiku lililonse. Mitundu inayi basi, pa sikirini ya 160 x 144, ndipo si mitundu kwenikweni koma kuwala kunayi. Mu GB Studio, pulogalamu yopangira magemu a Game Boy, amachita kukuuza manambala oti ujambulire: #071821, #306850, #86c06c ndi #e0f8cf. Sikuti Game Boy ya 1989 inkaoneka choncho ndendende, ndi zizindikiro chabe kuti pulogalamu idziwe uwu ndi mdima, uwu ndi kuwala. Game Boy Pocket ya 1996 inali yotuwa kale, osati yobiriwira. Ubwino wake kuno kulibe mkangano wa khungu, aliyense ndi wobiriwira ngati chisoso.

Tiyamike: Pa khungu pomwepo ndi pamene pakundiwawa, Chisomo. Ndawerenga paleti yonse. Zoti ungajambulire munthu wakuda ndi $07, $17, $08 ndi $18 basi. $08 ndi $18 zikupita kobiriwira, munthu akuoneka ngati akudwala. $07 ndi yakuda kwambiri moti ndikaika mzere wakuda m'mbali nkhope yonse ikutsekeka. Yatsala $17 yokha. Ndipo dziko lathu lonse ndi la mtundu womwewo: dothi, njerwa, fodya wouma m'chigafa, chiguduli cha belo, anthu. Zonse zikulimbirana kambale kamodzi. Pomwe zabuluu ndi zapepo zangoti mbwee, zosowa nazo chochita.

Mphatso: Si iwe woyamba kudandaula. Amene anapanga Shovel Knight, ya 2014 ija, a Yacht Club Games, ankatsatira paleti ya NES koma anawonjezera mitundu ingapo yawoyawo. Umodzi unali wa khofi, ndipo ananena okha kuti paleti ya NES ilibe zokwanira zojambulira anthu a khungu lakuda.

Yamikani: Basitu nkhani yatha. Wonjezerani bulauni wanu mmodzi, ndani akumangeni?

Mphatso: Palibe amene ammange, koma asalembe kuti ndi gemu ya NES. Shovel Knight siyenda pa NES. Tiya ananena mwezi watha kuti akufuna tsiku lina kagemuka kadzalowe mu kaseti. Mtundu umene PPU siutulutsa, siutulutsa basi, ngakhale upemphere usiku wonse.

Yamikani: Ndiye asamukire ku Mega Drive, makina a Sega aja. Ine ndimadabwa nanu mumakakamira NES ngati munalodzedwa. Mega Drive ili ndi mitundu 512, mapaleti anayi a mitundu 16, umodzi mwa 16 uli woonekera mkati, pa sikirini nthawi imodzi 61. Munthu mmodzi ukhoza kumupatsa mabulauni anayi, wa pamphumi, wa patsaya, wa mthunzi wa chipewa, n'kutsalabe ndi malo a shati ya Bullets. Kapena Super Nintendo, 32,768.

Dalitso: Nayonso ili ndi msampha wake, Yami. Chofiira, chobiriwira ndi chabuluu chilichonse chili ndi masitepe 8. Anthu ambiri amangogawa mofanana, 0, 36, 73, 109 mpaka 255. Koma amene anayeza pa makina enieni anapeza pafupifupi 0, 52, 87, 116, 144, 172, 206, 255. Sitepe yoyamba ndi yaitali. Ukajambula ndi manambala ogawa mofanana aja, mithunzi yako pa makina enieni imawala kuposa mmene unkaganizira. Ndipo mabulauni akuda amakhala kumunsi komweko.

Yamikani: Achimwene inu simulola munthu kusangalala.

Tiyamike: Sindisamuka. Mega Drive kwathu kunalibe, ndinadzaiona ndili wamkulu. Ndikufuna mng'ono wanga akaona anene kuti iyi ndi ija ya kaseti yachikasu, koma muli wa kabaza wa kwathu. Ndipo bulauni wobera sindimufuna. Ngati $17 ndi yokhayo, ndiye $17 ndi ya munthu. Zina zonse zimupatse njira.

Dalitso: Mwatero ndiye ntchito yaphweka. Lamulo likhale loti $17 isapezeke paliponse pamene munthu adutsa. Msewu ukwere mzere umodzi wa kuwala, ukhale $27, timabampu ndi mapazi a matayala $37. Mzere wa m'mbali mwa munthu $0F. Samalani, wakuda wake ndi $0F, osati $0D. $0D imatsitsa siginolo kupitirira mdima wamba, ma TV ena amaisokoneza ndi chizindikiro choyambira mzere, chithunzi n'kumagwedezeka.

Bambo Mwale: Chithunzi chothamanga chokwera m'mwamba chija. Anthu ankamenya TV pambali kuti chiime.

Tiyamike: Ndayesa $27. Munthu waonekadi, mpaka zala pa handulo. Koma msewu tsopano ukuoneka ngati mchenga wa ku Senga Bay. Kwathu ndi katondo, achimwene. Wofiira, woti ukavala zoyera umakafika ku boma uli wina.

Chisomo: Kufiirako kuike m'mbali. Pakati pamene njinga idutsa pakhale $27, kumphepete usakanize $27 ndi $16 kadontho ndi kadontho ngati bolodi ya drafuti. Diso likaona m'mbali mofiira limakhulupirira kuti msewu wonse ndi wofiira. Ndipo ndi mmene misewu yathu ilili, pakati popondedwa pamayererako, m'ngalande ndi mmene mumakhala katondo weniweni. Pita ukaone wa ku Mkanda nthawi ya chilimwe.

Dalitso: Njira imeneyo pa TV yakale imakoma kwambiri, chifukwa waya wachikasu uja sutha kulekanitsa bwino mitundu ya timadontho toyandikana, imalowererana. Mathithi a mu Sonic yoyamba anawajambula ndi timizere toimirira, pa TV yakale n'kumaoneka ngati madzi oonekera mkati. Pa foni umangoona mizere. Koma chemwali, musanakondwe, fayilo yanu ili ndi milandu ina iwiri, ndipo imeneyi ndi imene imapangitsa chithunzi kuoneka cha NES kuposa paleti. Woyamba: wa kabaza wanu ali ndi mitundu isanu ndi umodzi. Sprite ya NES, kutanthauza chojambula choyendayenda ngati munthu wanuyo, imalandira itatu yokha, wachinayi ndi woonekera mkati. Mapaleti a ma sprite ndi anayi. Za kumbuyo nazonso mapaleti anayi a mitundu itatu, kuphatikiza mtundu umodzi umene onse amagawana. 12 kuphatikiza 13, ndiye 25 pa sikirini yonse. Mario woyamba uja ndi itatu basi: $16, $27 ndi $18.

Tiyamike: Itatu? Khungu, shati, buluku, njinga, chipewa, belo. Ndichotse chiyani, ayende wamaliseche?

Yamikani: Admin, gulu lino muli ana.

Dalitso: $0F igwire ntchito zinayi: mzere wa m'mbali, tsitsi, buluku ndi njinga. $17 khungu. Wachitatu shati ndi chipewa. Belo ndi sprite ina yokhala ndi paleti yake, mwina $38 ndi $28 za chiguduli, zingwe zakuda. Mukafuna maso oyera, chitani zimene anachita pa Mega Man: thupi lake ndi lakuda ndi zabuluu ziwiri, nkhope ndi sprite ina yosanjikiza pamwamba. Koma muziwerenga. Sprite iliyonse ndi timadontho, ma pixel, 8 m'lifupi, ndipo mzere umodzi wa sikirini umanyamula ma sprite 8 okha. Njinga ya ma pixel 24 yadya atatu, belo awiri, nkhope imodzi, akwana 6. Mbuzi yanu yodutsa msewu ija awiri, akwana 8. Nkhuku ikangolowapo, china chizimiririka. N'chifukwa chake magemu akale ankaphethira adani akachuluka.

Tiyamike: Ndimayesa kaseti yatha, tinkachita kuiuzira mpweya. Mlandu wachiwiri?

Dalitso: Chigafa. Mwachiika mokhudzana ndi munda wa fodya, ndipo malire ake akudutsa pakati pa bokosi. Kumbuyo NES imapereka paleti imodzi pa bokosi lililonse la 16 x 16. M'bokosi limodzi simungakhale udzu wa denga, fodya wouma, mitengo ya chigafa, masamba obiriwira awiri ndi thambo. Yatsani grid ya 16 mu LibreSprite, chigafa muchikankhire kumanja ma pixel 6 kuti chiyambire pamzere. Mukafuna pulogalamu yoti izikukanizani yokha mukalakwitsa, jambulani mu NEXXT kapena NES Screen Tool.

Mphatso: Ndipo uzibwereza zojambula. Mitambo ndi zitsamba mu Super Mario Bros ndi chojambula chimodzi, anangosintha paleti. Fodya wako wam'munda ndi wam'chigafa likhoza kukhala tsamba lomwelo: $19 ndi $29 ali m'munda, $18 ndi $28 atauma, ungolitembenuza kuti lilendewere.

Chisomo: $18 ija munkati ndi ya munthu wodwala yapeza ntchito. Burley wouma ndi mtundu womwewo.

Tiyamike: Zoonadi! Ndayesa pompano, mpaka ndamva fungo la m'chigafa cha agogo. Ndipitiriza mawa, magetsi athawa ndipo laputopu ili pa 11. Koma funso lomaliza: poti hex yolondola kulibe, ndijambulire paleti iti?

Dalitso: Sankhani imodzi, muziganiza ndi manambala a $ osati hex, kenako muziyesa chithunzicho pa mapaleti ena awiri kapena atatu. Chikaoneka bwino ponsepo ndiye kuti chalimba. Chikakoma pa imodzi yokha, mwadalira mwayi.

Bambo Mwale: Mwana wanga, NES ya ku Japan simuipeza pa Kasungu pano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndili ndi TV yamsana waukulu ya mainchesi 14 imene mwini wake sanabwerenso kudzaitenga, ndi kabokosi kosintha HDMI kupita ku waya wachikasu. Bwerani ndi laputopu Lachisanu masana, m'mawa ndimakhala ndi anthu.

Dalitso: Pitani chemwali. Kungoti kabokosiko kakuonetsani kulowererana kwa timadontho ndi khalidwe la chubu, koma siginolo yake si ya PPU. Kuti muone ya PPU pafunika gemuyo ilowe mu kaseti.

Tiyamike: Zikomo kwambiri bambo, ndifika.

Tiyamike: Ndabwerako kwa Bambo Mwale! [chithunzi] Pepani mizere yakudayo ndi kamera ya foni, pamaso siioneka. Chisomo, drafuti yako yagwira. M'mbali mwa msewu timadontho tasungunuka, pakuoneka katondo weniweni, mtundu woti mu paleti mulibe. $17 pa TV yawo ikufiirira kuposa pa laputopu, koma munthu akuoneka kuyambira ku Chamama mpaka kumapeto. Anyamata awiri a kabaza amene anabwera kudzatchajitsa mafoni anaima kumbuyo kwanga n'kumakangana kuti ndajambula ndani mwa iwo. Mmodzi akuti belo ndalimanga molakwika, lotero likhoza kugwa pa bampu yoyamba, chingwe chizidutsa pansi pa kaliyala. Ndikonza. Koma titatsitsa mtundu mpaka ziro, mbuzi yasowa. Ndinaipatsa $10, msewu ndi $27. Mizere yosiyana, monga munanenera achimwene. Yasowa bwanji?

Dalitso: Pamenepo ndalakwa ndine, ndinaiwala kukuuzani. Zotuwa zothera ndi 0 sizitsatira mzere wake. Mitundu inayo siginolo imavinavina pakati pa mlingo wapamwamba ndi wapansi, kuwala kwake n'kukhala pakatikati. Zothera ndi 0 zimangokhala pa mlingo wapamwamba osatsika. Ndiye $10 imawala pafupifupi ngati mitundu ya mzere wa 2, ndipo $00 ngati ya mzere wa 1. Mbuzi yanu ndi msewu zakumana pamenepo.

Yamikani: Mbuzi yotuwa munaiona kuti inu? Ipatseni mawanga akuda ndi oyera ngati mbuzi za anthu. $0F ndi $30, sisowanso.

Chisomo: Lero Yami wanena zanzeru, wina alembe tsiku.

Tiyamike: Ndipo ikhoza kugawana paleti ndi maso a wa kabaza, ndipulumutsa paleti imodzi ya nkhuku. Ndiyesa usiku uno.

Bambo Mwale: Mukakonza mubwere nayonso tidzaione. Ndipo mwasiya chaja ya laputopu pa benchi, ndakusungirani m'kabati. Mawa ndimatseka 12 koloko.